Tikuthira klorini, koma ndani akuyeza?

Tungani madzi pang'ono m'chigubu chimene chinathiridwa klorini dzulo masana, muwathire m'kabokosi koyezera, muponyemo kam'bulu kamodzi ka mankhwala oyezera klorini otchedwa DPD 1, mutseke n'kukhutchumula. Madziwo akasanduka pinki, klorini alimo ndipo akadali pa ntchito. Akangoti mbee ngati simunaponyemo kanthu, klorini anatha kalekale, ndipo dzanja lililonse limene lalowa m'madzimo kuyambira pamene anathera lasiyamo zake. Kuyeza kumeneku sikutha mphindi ziwiri, koma pa ntchito zonse zoteteza madzi ndi kumene timakulumpha kawirikawiri.

Mliri wa kolera umene unayambira ku Machinga mu Marichi 2022 unadwalitsa anthu oposa 58,000 ndi kupha oposa 1,700. Pa nthawi imeneyo klorini anagawidwa wambiri: ndowa za klorini waufa wotchedwa HTH, mabotolo a WaterGuard, ndi klorini wosungunula amene alangizi a zaumoyo ankagawa khomo ndi khomo. Malipoti a ntchito yotere amakonda kuwerenga makilogalamu amene agawidwa ndi mabanja amene alandira. Ine ndikuti nambala imeneyo ndi ya ku sitolo yosungira katundu. Nambala ya zaumoyo ndi ina: klorini wotsala m'kapu imene mwana akumwera. Ndalama zathu, maphunziro athu ndi kafukufuku wa m'mayunivesite athu ziyenera kutembenukira ku nambala imeneyi, makamaka tsopano pamene makina opangira klorini kuchokera ku mchere akutamandidwa ngati yankho la zonse.

Klorini akalowa m'madzi sathamangira tizilombo tokha. Amalimbana ndi chilichonse chimene wakumana nacho: zoola za masamba, chitsulo chosungunuka chimene chimafiiritsa madzi a mijigo ina, manganizi, ndi amoniya wochokera ku zimbudzi kapena ku feteleza. Miligalamu imodzi ya chitsulo imadya pafupifupi mamiligalamu 0.6 a klorini. Amoniya ndiye mdyeratu: miligalamu imodzi ya nayitirojeni wa mu amoniya imafuna mamiligalamu 7.6 a klorini, mwinanso kufika 10, kuti klorini wopanda chomumanga ayambe kuoneka. Madzi amayamba adya gawo lawo, ndipo chimene chatsala ndicho chimateteza munthu. N'chifukwa chake kakapu kamodzi ka mankhwala pa chigubu cha malita 20 sikangakhale koyenera pa chitsime chilichonse ndi nyengo iliyonse. Madzi a pa mjigo wakuya mu Seputembala ndi madzi a pa chitsime chapadambo mu Januwale ndi madzi awiri osiyana, ngakhale onse akuoneka oyera.

Muyezo wa WHO, bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, ndi wosavuta kuloweza. Pakatha mphindi 30, klorini wotsala akhale mamiligalamu 0.5 pa lita (0.5 mg/L) kapena kuposa, pH (nambala imene imatsika asidi akachuluka m'madzi ndi kukwera akachepa) ili pansi pa 8, ndipo pamene munthu akutunga asatsike kupitirira 0.2 mg/L. Pa nthawi ya kolera muyezo umakwera: 1 mg/L pa mipopi ya gulu, 2 mg/L pamene galimoto yonyamula madzi ikudzazidwa. Mawu akuti "pH ili pansi pa 8" ambiri amawadumpha, pomwe nkhani yagona pamenepo. Klorini m'madzi amakhala mitundu iwiri, HOCl ndi OCl⁻. Woyambayo amabowola khungu la kachilombo msanga. Wachiwiriyo ndi waulesi kambirimbiri. Pa pH 6.5 pafupifupi magawo 90 pa 100 ndi HOCl. Pa 7.5 amagawana pakati. Pa 8.5 HOCl amatsala pafupifupi magawo 10 okha. Kam'bulu ka DPD kamawerenga mitundu iwiriyi pamodzi, motero pinki yemweyo akhoza kutanthauza chitetezo champhamvu pa chitsime china ndi chitetezo chofooka pa china. Madzi a pamwamba pa Nyanja ya Malawi pH yawo imakonda kudutsa 8, ndipo kolera amakonda m'madoko a asodzi momwemo. Kumeneko mphindi 30 sizikwana; dikirani ola lathunthu ndipo mukweze klorini wotsala afike pafupi ndi 1 mg/L. Kabokosi koyezera kali ndi mbali yachiwiri, ya kam'bulu ka phenol red, imene ntchito yake ndi kuyeza pH. Pa timabokosi tambiri mbali imeneyo imakalamba isanagwirepo madzi.

Madzi amatope ndi vuto lina. Tizilombo timabisala m'tinthu ta dothi, ndipo klorini amathera pa dothilo. Madzi oti athiridwe klorini asadutse 5 NTU pa muyezo wa matope, ndipo malo oyeretsera madzi a m'mizinda amalimbana kuti atsike pansi pa 1. Chubu choonekera chokhala ndi chizindikiro chakuda pansi pake chimakwana kuyezera zimenezi: mumathira madzi mpaka chizindikirocho chitasowa, n'kuwerenga nambala ya pambali. Akakhala amatope, ayambe adikha kapena kusefedwa, kapena athiridwe alamu, mankhwala ogwira dothi. Njere za cham'mwamba nazonso zimagwira dothi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 akatswiri a ku University of Leicester ndi a ku Polytechnic anaziyesa pa malo oyeretsera madzi a ku Thyolo, madzi amatope ndithu a nyengo ya mvula n'kuyera. Koma amene amatamanda cham'mwamba amaiwala kunena kuti ufa wa njerezo umasiya zakezake m'madzi, zimene zimadya klorini ndiponso kudyetsa tizilombo madziwo akagonera. Mukasintha njira yogwirira dothi, mwasinthanso mlingo wa klorini. Muyezenso.

Kupeza mlingo woyenera pa chitsime chimodzi sikufuna labotale. Sungunulani magalamu 15 a HTH, amene ndi sipuni yaikulu imodzi yosasefukira, mu lita imodzi ya madzi oyera m'chiwiya cha pulasitiki, osati chachitsulo. Dikirani nsenga zoyera zikhale pansi, mutsanulire apamwambawo m'botolo losalowa dzuwa. Ameneyu ndiye klorini wa 1 peresenti, amene alangizi amamutcha stock solution. Mililita imodzi ya ameneyu m'malita 20 imapereka 0.5 mg/L. Ndandalikani ndowa zisanu za malita 20 za madzi a pa chitsimepo, ndipo ndi sirinji yopanda singano thirani mililita 1 mu yoyamba, 2 mu yachiwiri, choncho mpaka 5 mu yomaliza. Takasani, vundikirani, dikirani mphindi 30, yezani zonse. Ndowa yoyamba kufika pa klorini wotsala amene mukufuna ndiyo yakupatsani mlingo wa pa chitsimecho, wa nyengo imeneyo. Mvula yamphamvu ikagwa, bwerezani.

Masamu onsewa aima pa chikhulupiriro chakuti HTH ali ndi mphamvu ya 65 mpaka 70 peresenti monga zalembedwera pa ndowa. HTH amene wakhala m'chipinda chamalata chotentha, chivundikiro chosatsekedwa bwino, amayamwa chinyezi, n'kuumbika mibulu, n'kumataya mphamvu mwakachetechete. Akatsika kufika pa 40 peresenti, magalamu 15 aja amapanga 0.6 peresenti, osati 1. Fungo limakhalabe loboola mphuno, ndipo fungolo ndi limene limanamiza anthu. Klorini wamadzi amatha msanga kuposa pamenepa, makamaka m'botolo loonekera limene lasiyidwa pazenera.

Apa ndi pamene makina opangira klorini pamalo pomwepo amakopa mtima, ndipo kukopa kwake kuli ndi chifukwa. HTH timagula kunja ndi ndalama zakunja zosowazi, ndipo msewu ukaduka, monga zinachitikira kumwera pamene namondwe Freddy anawomba mu Marichi 2023, chipatala chakumudzi chimatsala chimanjamanja. Mchere ulipo pa golosale iliyonse, dzuwa lilipo. Makinawo ndi timbale tiwiri toviikidwa m'madzi a mchere, tolumikizidwa ku batire kapena ku sola. Pa kambale kamodzi, kotchedwa anodi, kloraidi wa mu mchere amalandidwa ma elekitironi n'kusanduka klorini. Pa kambale kenako, kotchedwa kathodi, madzi amasweka n'kutulutsa mpweya wa haidirojeni ndi soda wowotcha (caustic soda). Ziwirizi zikakumana m'chidebemo zimapanga sodium hypochlorite, yemwe uja ali mu jiki, koma wosalimba kwambiri. Makina a WATA, amene anapangidwa ndi bungwe la Antenna la ku Geneva, amafuna magalamu 25 a mchere pa lita ndipo amatulutsa magalamu 6 a klorini pa lita. Lita imodzi yotere ikhoza kuteteza malita 4,000 a madzi pa mlingo wa 1.5 mg/L.

Magalamu 6 amenewo ndi lonjezo la makina amene zonse zili bwino. Lamulo la Faraday silinyengerera: ampeya imodzi yoyenda kwa ola limodzi singatulutse klorini woposa magalamu 1.32. Makina okoka maampeya 5 kwa maola awiri sangadutse magalamu 13, ndipo zoona zake amachepera pamenepo chifukwa magetsi ena amatayikira ku zinthu zina. Batire ikafooka kapena mawaya akachita dzimbiri polumikizira, n'kumangodutsa maampeya 3, malire amatsika kufika pa magalamu 8. Wotchi ya makina imalirabe pa nthawi yake, thovu limatulukabe, madzi amanunkhabe klorini. Thovu lambiri limene mumaonalo ndi haidirojeni wa ku kathodi, ndipo silikuuzani chilichonse za zimene zikuchitika ku anodi.

Mchere nawo uli ndi nkhani yake. Pa magalamu 25 aja, osanduka klorini ndi pafupifupi 5 okha. Otsalawo sakuwonongeka: ndiwo amayendetsa magetsi m'madzimo, ndipo ndiwo amachititsa kuti anodi izipeza kloraidi nthawi zonse. Wogwira ntchito akaumira mchere, anodi imayamba kuswa madzi n'kumatulutsa okisijeni m'malo mwa klorini. Klorini amachepa, ndipo utoto wa pa kambaleko umatha msanga. Timbaleti ndi ta titaniyamu wokutidwa ndi kautoto kopyapyala ka ruteniyamu ndi iridiyamu, luso limene Henri Beer anatulukira m'zaka za m'ma 1960, ndipo mtengo wonse wa makinawo uli m'kautoto kameneko. Madzi a mijigo yambiri ali ndi laimu. Pafupi ndi kathodi pH imakwera kwambiri, motero kashiamu ndi maginiziyamu amamatirira n'kupanga nkhanambo yoyera imene imatsekereza magetsi. Mankhwala ake ndi kutsuka timbaleto ndi madzi oyera, kenako kutiviika mu vinega mpaka nkhanamboyo itasungunuka. Kutsukako kuyambe, chifukwa vinega akakumana ndi klorini wotsalira amatulutsa mpweya wa klorini wotsamwitsa. Koma munthu waukhondo amene sanauzidwe amatenga sitiliwaya kapena mpeni, n'kupala nkhanambo pamodzi ndi utoto. Timbale timawala, makina afa.

Kutentha kumaonjezera zake. Madzi a mchere akatentha pamene makina akugwira ntchito, gawo la klorini limasanduka chlorate, amene sapha tizilombo ndipo WHO inamuikira malire a 0.7 mg/L m'madzi akumwa. Yambani ndi madzi ozizira, pamthunzi, m'mamawa, makamaka ku Chikwawa, Nsanje ndi m'mbali mwa nyanja. Chipindacho chikhale chopita mphepo, chidebe chosatseka, pasakhale kandulo kapena wosuta fodya: haidirojeni akafika magawo 4 pa 100 a mpweya amayaka. Ndipo klorini wopangidwa chonchi pH yake ndi yotsika poyerekeza ndi wa m'sitolo, choncho sachedwa kufooka. Agwiritsidwe ntchito mkati mwa maola 24, pokhapokha atathiridwa soda wowotcha uja, osati wophikira, kuti pH ifike pafupi ndi 12. Kupanga malita ambiri Lolemba n'kumagawa mpaka Lachisanu ndi kugawa madzi a mchere onunkhira.

Zolakwika zonsezi zili ndi chinthu chimodzi chofanana: maso saziona, mphuno sizizimva. N'chifukwa chake makina otere sayenera kulandiridwa pa chipatala kapena pa komiti ya mjigo popanda njira yoyezera zimene atulutsa, ndi ndalama zogulira zoyezerazo chaka ndi chaka. Njira yapafupi ilipo. Tengani mililita imodzi ya klorini wotuluka m'makina, muthire m'malita 5 a madzi oyera kwambiri opanda klorini, mutakase, muyeze nthawi yomweyo ndi DPD 1. Nambala imene mwapeza muichulukitse kasanu, ndipo mwapeza magalamu pa lita. Mukawerenga 1.2, makina atulutsa 6. Mukawerenga 0.6, atulutsa 3, ndipo mlingo wothira m'madzi uyenera kuwirikiza kawiri pamene mukufufuza chavuta. Labotale ya pa boma iyenera kumatsimikizira ndi njira yolondola: mamililita 5 a kloriniyo m'madzi osungunulira, galamu imodzi ya potassium iodide, asidi wa acetic pang'ono, madzi n'kusanduka ofiirira; kenako kudonthezera sodium thiosulfate wa 0.1 N mpaka atachita chikasu chotuwa, kuthira sitachi kuti achite buluu, n'kupitiriza mpaka buluuyo atazimirira. Mililita iliyonse ya thiosulfate ikuimira mamiligalamu 3.545 a klorini, motero klorini wa magalamu 6 pa lita adzadya pafupifupi mamililita 8.5. Wophunzira wa chaka choyamba ku Zomba kapena ku Mzuzu amachita zimenezi asanadye nkhomaliro.

Nayo DPD si mngelo. Njirayi, imene Arthur Palin anafalitsa mu 1957, ili ndi misampha imene woyeza ayenera kuidziwa. Woopsa kwambiri ndi uwu: klorini akachuluka, kudutsa cha m'ma 10 mg/L, amafufuta mtundu wa pinki uja. Pinki amangoti ng'ani n'kuzimirira, madzi n'kuyera. Woyeza amalemba ziro, n'kuthiranso klorini wina m'thanki imene yasefukira kale ndi klorini. Mukaona ziro pamene fungo lili lamphamvu, sakanizani gawo limodzi la madziwo ndi magawo asanu ndi anayi a madzi opanda klorini, muyezenso. Msampha wachiwiri ndi wa nthawi: werengani mphindi imodzi isanathe, chifukwa mukachedwa klorini womangidwa ndi amoniya amayamba kuonjezera mtundu, n'kukupatsani nambala yokoma koma yabodza. Kabokosi kamene munayezeramo ndi DPD 3 (kam'bulu koyezera klorini yense, womangidwa ndi wosamangidwa) n'kusakatsuka bwino kamachita chimodzimodzi, chifukwa kaiodaidi kochepa kotsalira kamakwana. Manganizi wa m'mijigo ina amafiiritsanso DPD ngakhale mulibe klorini, choncho yezani madziwo musanathire kanthu kuti mudziwe poyambira. Kam'bulu kamene kachita bulauni kapena kufufutika m'pepala lake katayeni, ndipo musakagwire ndi zala. Ngakhale timakina tamagetsi toyeza klorini mosalekeza m'mapaipi a mabungwe ogawa madzi timasochera pH ikasintha kapena madzi akasiya kuyenda, ndipo timawongoledwa ndi DPD yemweyu.

Ena adzati zonsezi ndi zodula, ndipo pa mliri chachangu ndi kufikitsa klorini kwa anthu. N'zoona kuti klorini wosayeza amaposa kusathira konse, ndipo pa tsiku loyamba la mliri palibe amene ayenera kudikira kam'bulu. Koma mliri wathu unatha miyezi yoposa khumi ndi iwiri, ndipo kabokosi ka pulasitiki ndi timibulu take n'zotsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi madiripu a wodwala mmodzi. Kusayeza kulinso ndi mtengo wina umene sulembedwa. Mlingo ukapitirira, madzi amanunkha, tiyi amakoma mankhwala, ndipo amayi amabwerera ku chitsime chakale osauza munthu. Kafukufuku wa ku Dhaka anapeza kuti anthu ambiri amayamba kukana madzi klorini akangodutsa pang'ono 1 mg/L. Mpata wa pakati pa "wachepa" ndi "wanyanya" ndi waung'ono, ndipo sungalondoledwe ndi chivundikiro cha botolo.

Enanso amaopa kuti klorini amayambitsa matenda ena. Manthawa ali ndi pochokera. Mu 1974 Johannes Rook wa ku Rotterdam anaonetsa kuti klorini akakumana ndi zoola za m'madzi amapanga chloroform ndi abale ake, ndipo lero WHO inaika malire a chloroform pa 0.3 mg/L. Koma bungwe lomwelo limanenetsa kuti kupha tizilombo kusafooketsedwe pofuna kupewa zimenezi. Chiopsezo chawo ndi cha zaka makumi; kolera amapha lomwelo. Ndipo njira yochepetsera zonsezo ndi yomwe ija: chotsani dothi ndi zoola musanathire, ndipo thirani wokwanira basi. Tisamunamizirenso klorini mphamvu zimene alibe. Sachotsa mchere wa m'mijigo ya ku Chigwa cha Shire, sachotsa fluoride wodetsa mano, ndipo majeremusi otchedwa Cryptosporidium, amene anadwalitsa anthu pafupifupi 400,000 ku Milwaukee, ku America, mu 1993, samumva konse pa milingo ya madzi akumwa.

Funso limene ofufuza athu ayenera kuligwira ndi lakuti: klorini amakhalitsa bwanji madzi akachoka pa mpopi? Muyezo wa 0.2 mpaka 0.5 mg/L unaganiziridwa madzi a m'mapaipi ofika m'nyumba, otungidwa n'kumwedwa pomwepo. Kwathu madzi amasenzedwa pamutu, n'kugona m'ndowa kapena mumtsuko maola ambiri, akutungidwa ndi kapu imodzi ndi anthu asanu ndi awiri. Ofufuza amene ankagwira ntchito ndi Médecins Sans Frontières m'misasa ya othawa kwawo ku Maban, South Sudan, mu 2013 anapeza kuti m'makomo ambiri klorini amakhala atatheratu, ngakhale madziwo anatungidwa pa mpopi wothiridwa bwino, ndipo analangiza kuti pamalo otentha chonchi mlingo wa pa mpopi ukwere kufika cha pa 1 mg/L. Ntchito imeneyi inabala chida cha Safe Water Optimization Tool ku York University, ku Canada, chimene chimawerengera mlingo wa pa mpopi kuchokera ku miyezo ya malo enieniwo. Chidacho chimafuna manambala awiriawiri: wa pa mpopi, ndi wa madzi omwewo kunyumba patapita maola.

Manambala amenewo ku Nsanje mu Novembala adzasiyana ndi a ku Dedza mu Julayi, ndipo a mumtsuko wadothi adzasiyana ndi a m'chigubu chimene kale munali mafuta ophikira. Ntchito yowatolera siifuna makina a mamiliyoni. Ifuna ophunzira a MUBAS, MUST, Mzuzu ndi University of Malawi, aliyense ndi kabokosi kake, choyezera kutentha ndi chubu cha matope, atsatire zigubu kuchokera pa mpopi mpaka pakhomo, ayeze potunga, pakatha maola 6, 12 ndi 24. Ifunanso kuti wina agule mchere wa m'misika yathu, wa m'mapaketi ndi wa mibulu woyezedwa pa mbale, aone kuti uliwonse umatulutsa klorini wochuluka bwanji ndipo umamatiza nkhanambo msanga bwanji pa kathodi. Ndipo pambali pa makina alionse ndi thanki iliyonse pakhale kope la mizere isanu: tsiku, mlingo wothira, pH, klorini wotsala, ndi dzina la woyeza. Woyang'anira wochokera ku boma akafika, ayambe watsegula kopelo asanawerenge ndowa za HTH zimene zatsala, ndipo akapeza 0.5 walembedwa tsiku lililonse kwa miyezi itatu, mvula ndi chilimwe chimodzimodzi, apemphe kuona timibulu.